Kulawa chakudya cha ku Japan koyamba, inu ndi mnzanu

Anthu ambiri akamva za chakudya cha ku Japan, maganizo amathamangira ku nsomba yaiwisi, nkhani n'kuthera pompo. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa nsomba yaiwisi ndi kagawo kochepa chabe ka zimene anthu a dziko lija amadya. Pa tebulo la banja wamba ku Osaka kapena ku Sendai mumapeza mpunga wotentha, msuzi, nsomba yowotcha, masamba, nthawi zina nkhuku yokazinga. Kadyedwe kawo ka makolo, kamene amakatcha washoku, bungwe la UNESCO linakalemba m'kaundula wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa mu 2013. Maziko ake ndi osavuta kumva kwa munthu wokulira pa nsima: mpunga ndiwo nsima yawo, ndipo pambali pake amaikapo msuzi umodzi ndi timbale titatu ta ndiwo.

Amene muli ku Johannesburg, Cape Town kapena London, ndi amene munapita kukaphunzira ku Japan komweko, malo odyera oterewa si osowa. Chimene chimalepheretsa ambiri ndi mantha olowa, kukhala pansi, n'kupatsidwa menyu yodzaza ndi mayina osadziwika. Ndiye tengani mnzanu. Anthu awiri amatha kuitanitsa mbale zisanu n'kugawana, ndipo chimene chakana wina chimapeza wochidya.

1. Gwirizanani musanachoke pakhomo

Pali zinthu ziwiri zoti mukambirane: ndalama zimene mwakonza, ndi zimene aliyense sadya. Nkhani ya ndalama ndi yaifupi. Tchulani malire, yang'anani menyu ya malowo pa intaneti ngati ilipo, basi.

Nkhani yachiwiriyi ndiyo yofuna kuifatsira, chifukwa zakudya za ku Japan zimabisa zinthu zambiri mu msuzi. Mwachitsanzo, pafupifupi msuzi uliwonse umayambira pa dashi, madzi owiritsidwa ndi kombu, womwe ndi mtundu wa ndere za m'nyanja ya mchere, pamodzi ndi katsuobushi, nsomba youma yopalidwa tizidutswa topyapyala. Choncho munthu wosadya nsomba akhoza kuitanitsa mbale ya masamba okhaokha, osadziwa kuti msuzi wake ndi wa nsomba. Dashi yemweyu ndi amene anachititsa katswiri wa sayansi Kikunae Ikeda wa ku Tokyo kuzindikira mu 1908 kakomedwe kamene lero dziko lonse limakatcha umami. Mukamwa msuzi wooneka ngati madzi wamba koma n'kumamva kukoma kokhalitsa pa lilime, ndi komweko.

Ngati mnzanu ndi Msilamu kapena wa mpingo wa Adventist, muyenera kusamala kwambiri. Nyama ya nkhumba imapezeka mu gyoza (timathumba ta ufa toikamo nyama), mu tonkatsu (chidutswa cha nkhumba chokazinga), ndiponso mu ramen wambiri (noodles za mu msuzi). Msuzi wa ramen wotchedwa tonkotsu ndi mafupa a nkhumba owiritsidwa kwa maola ambiri mpaka madzi kuyera ngati mkaka, ndipo ngakhale ramen wa msuzi wa nkhuku kawirikawiri amabwera ndi kanyama ka nkhumba pamwamba. Mu sosi wa teriyaki ndi zophika zina amathiramo mirin ndi sake, zopangidwa ndi mpunga, zomwe zili ndi mowa. Kwa osadya za m'madzi zopanda mamba, unagi ndi mkunga, ebi ndi prawn, kani ndi nkhanu, ika ndi tako ndi nyama za m'nyanja za miyendo yambiri.

Palinso za kuwengedwa. Sosi wa soya, amene iwo amati shoyu, amapangidwa ndi soya ndi tirigu. Chitowe chimathiridwa pa zakudya zambiri. Soba ndi noodles za ufa wa mbewu yotchedwa buckwheat, umene anthu ena umawawenga moopsa. Ngati mmodzi wa inu ali ndi vuto lotere, muuzeni woperekera zakudya musanaitanitse kanthu. Sizochititsa manyazi, ndipo ophika abwino amayamikira kuuzidwa.

2. Sankhani malo oyenera munthu woyamba

Ku Japan malo odyera ambiri amaphika chinthu chimodzi n'kuchidziwa bwino. Pali a ramen okhaokha, a sushi okhaokha (mpunga wa viniga woikidwa pamodzi ndi nsomba kapena china), a tempura okhaokha (masamba kapena prawn zokazinga). Kunja kwa Japan lesitilanti imodzi imakonda kusakaniza zonse, zomwe kwa inu ndi mwayi, chifukwa mulawa zambiri pa ulendo umodzi.

Ine ndimalangiza kupita masana n'kufunsa teishoku kapena bento. Ichi ndi chakudya chobwera chathunthu pa thireyi imodzi: mpunga, msuzi wa miso, ndiwo yaikulu monga nsomba yowotcha kapena nkhuku, ndi timasamba tothira mchere kapena viniga. Mtengo wake umakhala wotsika kuposa madzulo, ndipo muona mmene chakudya chawo chimayalidwira tsiku ndi tsiku.

Ngati mtima uli pa sushi, funani malo amene mbale zimayenda pa lamba kuzungulira makasitomala. Njira imeneyi anaiyambitsa Yoshiaki Shiraishi mu 1958 ku dera la Osaka, ndipo ubwino wake ndi wakuti mumaona chinthu ndi maso musanachitenge. M'malo ambiri otere mtundu wa mbale ndiwo umasonyeza mtengo, ndiye werengani chikwangwani cha mitengo musanatambasule dzanja. Mbale imene mwaichotsa pa lamba musaibwezerepo.

Omakase, kumene wophika amakusankhirani zonse, isiyeni kaye. Ndi yokwera mtengo, ndipo ndi kovuta kukana chinthu pamene wochikonza waima patsogolo panu akukuyang'anani.

Mukafika pakhomo, gwiritsani ntchito mphuno. Malo abwino a sushi samveka fungo la nsomba. Onaninso ngati pali anthu. Kumene kumabwera makasitomala ambiri nsomba siigonera.

3. Mukakhala pansi

Adzakupatsani oshibori, kansalu konyowa kotentha kapena kozizira. Ndi kopukutira m'manja. Mukamaliza kapindeni n'kukaika pambali. Tiyi wobiriwira amabwera wopanda shuga ndi mkaka, ndipo ku Japan m'malo ambiri amaperekedwa ulere pamodzi ndi madzi. Poyamba amawawirako, koma akakumana ndi chakudya cha mafuta mumamvetsa ntchito yake.

Ngati muli ku Japan ndipo mwalowa mu izakaya, malo amene anthu amamwerako uku akudya timbale ting'onoting'ono, musadabwe kulandira kambale kamene simunaitanitse. Amakatcha otoshi, ndipo kamalowa mu bilu ngati malipiro a mpando. Mukaona chipinda choyalidwa mphasa za tatami, vulani nsapato musanapondepo.

Musanayambe kudya amanena kuti "itadakimasu", mawu othokoza chakudya ndi onse amene anachigwirira ntchito. Ngati amene wakutengani ndi wa ku Japan, adzasangalala kumva mukuyesa.

4. Itanitsani pang'onopang'ono, kuyambira zophika

Apa ndi pamene ambiri amaonongera tsiku. Amalowa ndi mtima wofuna kudzionetsa kulimba, n'kuitanitsa mbale yaikulu ya nsomba yaiwisi. Kachidutswa koyamba kakawakana, amatuluka ndi chigamulo chakuti chakudya cha ku Japan sichidyeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Itanitsani mbale ziwiri kapena zitatu, mugawane, mukambirane, kenako muwonjezere.

Yambani ndi edamame, nyemba za soya zaziwisi zophikidwa m'makoko ake n'kuwazidwa mchere. Mumaika khoko pakamwa, kufinya nyemba ndi mano, khoko n'kuliponya m'kambale kopanda kanthu. Pambali pake tengani msuzi wa miso. Miso ndi phala la soya lofufumitsidwa ndi mchere kwa miyezi. Mu msuzimo mumayandama tizidutswa ta tofu, chakudya choyera chofewa chopangidwa ndi soya, ndi ndere zofewa zotchedwa wakame. Supuni kawirikawiri sabweretsa. Nyamulani kabakuliko ndi manja, imwani, zotsala pansi mutole ndi timitengo tiwiri todyera.

Kenako pitani ku zokazinga ndi zowotcha. Karaage ndi nkhuku yonyikidwa mu shoyu, jinja ndi adyo, yopakidwa ufa n'kukazingidwa. Sindikudziwa chakudya china cha ku Japan chimene chimagwira mtima wa munthu woyamba msanga kuposa chimenechi. Yakitori ndi nkhuku yotungidwa pa kamtengo n'kuwotchedwa pa makala, ndipo adzakufunsani ngati mukufuna ya mchere wokha, shio, kapena ya sosi wotsekemera, tare. Tengani imodzi ya uku, imodzi ya uku.

Tempura ndi masamba kapena prawn zoviikidwa mu ufa wa madzi ozizira n'kukazingidwa mofulumira. Kakazingidwe kameneka kanafika ku Japan ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Idyeni ikadali yotentha, chifukwa ikazizira imafota. Imabwera ndi kamsuzi kotchedwa tentsuyu ndi kamulu koyera ka daikon wopala, muzu woyera wautali wooneka ngati karoti wamkulu. Thirani daikon mu msuzimo, viikani kumapeto kokha kwa chidutswa, idyani. Ya mbatata ndi ya dzungu ndi zokoma kwambiri, ndipo anthu amazidumpha pothamangira prawn.

Wofuna kukhuta atenge donburi, mbale ya mpunga yokhala ndi ndiwo pamwamba. Oyakodon ndi ya nkhuku ndi dzira, gyudon ndi ya ng'ombe yodulidwa mopyapyala ndi anyezi. Dziwani kuti dzira la mu oyakodon amalisiya lofewa, ndiye ngati simukonda lotero nenani alipsetse.

Mpunga wawo ndi wa njere zazifupi ndipo umamatana dala kuti ugwirike ndi timitengo. Musauthire shoyu. Umadyedwa woyera, mchere umachokera ku ndiwo. Kunyamula kabakuli ka mpunga kufikitsa pafupi ndi kamwa ndi khalidwe lovomerezeka.

5. Timitengo todyera

Kamtengo ka pansi kagonekeni pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, kutsogolo kwake katsamire pa chala chovala mphete. Kameneka sikasuntha. Ka pamwamba kagwireni mmene mumagwirira cholembera, ndi chala chachikulu, cholozera ndi chapakati. Kokhako ndi kamene kamakwera ndi kutsika. Gwirani chakumtunda, osati pafupi ndi nsonga, ndipo musafinye ndi mphamvu. Yesererani pa chidutswa cha karaage, chomwe sichiterera, musanalimbane ndi tofu.

Zikakanika pemphani foloko. Palibe amene adzakunyozeni.

Koma pali zinthu ziwiri zoti musachite ngakhale mwasewera, chifukwa zimakhudza maliro. Musazike timitengo chilili mu mpunga, poti umu ndi mmene amaperekera mpunga kwa womwalira. Ndipo musapatsirane chakudya kuchoka pa timitengo tanu kupita pa timitengo ta mnzanu. Ku Japan anthu ambiri amawotchedwa akamwalira, ndipo achibale amatola mafupa ndi timitengo pothandizana kuwaika mu mtsuko. Kuchita zofanana ndi zimenezi pa tebulo kumawakumbutsa tsiku lowawa. Popeza inu mwabwera kudzagawana, lamuloli likukhudzani kwambiri: mukafuna kuti mnzanu alawe, muikireni pa kambale kake, atole yekha. Mukapumira kudya, gonekani timitengo pa kotsamiritsa kake kapena pa kapepala kamene tinabweramo. Musalozere munthu ndi timitengo, ndipo musabaye nato chakudya.

6. Tsopano sushi

Choyamba siyanitsani zinthu ziwiri. Sushi ndi mpunga wothira viniga, shuga ndi mchere, woikidwa pamodzi ndi chinthu china, chophika kapena chachiwisi. Sashimi ndi nsomba yaiwisi yokha, yopanda mpunga. Ndiye munthu akhoza kukhuta sushi osakhudza chachiwisi chilichonse.

Maki ndi mpunga wokulungidwa mu nori, ndere zouma zopyapyala ngati pepala, n'kudulidwa timagawo. Nigiri ndi kambamu ka mpunga koumbidwa ndi dzanja, pamwamba pake atagonekapo chidutswa cha nsomba. Mtundu umenewu unatchuka ku Edo, komwe lero ndi Tokyo, m'zaka za m'ma 1820, ndipo dzina lotchulidwa kwambiri pa chiyambi chake ndi la Hanaya Yohei. Chinali chakudya cha anthu ofulumira, chogulidwa m'mbali mwa msewu.

Kwerani makwerero motere. Yambani ndi kappa maki, ya nkhaka. Kenako tamago, dzira lokazinga lotsekemera pang'ono, ndi inari, mpunga woikidwa m'kathumba ka tofu wokazinga. California roll, yomwe inayambira ku North America, imakhala ndi peyala, nkhaka ndi tizidutswa tatitali tofiira tokoma ngati nkhanu, tomwe kwenikweni timapangidwa ndi nsomba yoyera yophika. Ebi wa pa nigiri kawirikawiri amakhala wophika, unagi ndi wowotcha ndi sosi wotsekemera. Mukafika apa lilime lazolowera mpunga wa viniga ndi nori, ndipo chachilendo chotsala ndi chimodzi chokha.

Pa nsomba yaiwisi yoyamba, tengani salmon. Ndi yofewa, ya mafuta, yopanda fungo lamphamvu. Chodabwitsa n'chakuti kale anthu a ku Japan sankadya salmon yaiwisi poopa tizilombo ta mu salmon ya m'nyanja zawo. Ndi dziko la Norway limene linalimbikira kuwagulitsa salmon yoweta kuyambira m'zaka za m'ma 1980, mpaka inakhala imodzi mwa nsomba zokondedwa kwambiri pa sushi. Ikakukomerani, yesani maguro, yomwe ndi tuna yofiira. Itanitsani tizidutswa tiwiri, kamodzi kanu kamodzi ka mnzanu, mudyere limodzi.

Kadyedwe ka nigiri ndi aka. Thirani shoyu pang'ono m'kambale kakang'ono, wongokwanira kunyowetsa pansi. Gwirani nigiri ndi zala zitatu, chifukwa sushi ndi yololedwa kudya ndi manja. Itembenuzeni chammbali kuti nsomba ndiyo ikhudze shoyu, osati mpunga. Mpunga ukanyowa umayamwa mchere wambiri n'kumwazikira m'kambalemo. Ikani chidutswa chonse m'kamwa kamodzi. Mudzamva mpunga wofunda pang'ono ukumasuka wokha, nsomba yozizirirako ikusungunuka pamwamba pake. Tafunani mosapupuluma. Ngati wophika wapaka kale sosi pamwamba, monga pa unagi, musaviikenso.

Kamulu kobiriwira ka pambali ndi wasabi. Kuwawa kwake sikukhala pa lilime ngati tsabola wa kambuzi. Kumakwera m'mphuno mwadzidzidzi, misozi n'kulengeza, kenako pakapita kamphindi kwatha. Yambani ndi kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo muchenjezeni mnzanu kuti si peyala. Mu nigiri wambiri wophika amakhala ataika kale pang'ono pakati pa nsomba ndi mpunga. Wasabi weniweni amamera m'madzi ozizira oyenda a m'mapiri, makamaka ku Shizuoka ndi ku Nagano, ndipo ndi wokwera mtengo, choncho amene amaperekedwa m'malo ambiri ndi muzu wina wowawa wotchedwa horseradish, wothira utoto wobiriwira. Tizidutswa topyapyala ta jinja, gari, ndi totsukira m'kamwa pakati pa nsomba ina ndi ina. Sitiikidwa pamwamba pa sushi.

7. Amene ayenera kupewa zaziwisi

Mayi woyembekezera, mwana wamng'ono, munthu wokalamba kwambiri ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika, akhale pa zophika. Menyu ili ndi zokwanira.

Nsomba ya m'nyanja ya mchere imatha kukhala ndi kanyongolotsi kotchedwa anisakis, kamene kamapweteka m'mimba koopsa. Viniga, mchere ndi wasabi sizikapha. Chimakapha ndi moto kapena kuzizira kwambiri, n'chifukwa chake malamulo a ku European Union amafuna kuti nsomba zambiri zodyedwa zaziwisi ziumitsidwe pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa maola osachepera 24. Muli ndi ufulu wofunsa ngati nsomba yawo inadutsa m'njira imeneyi.

Ndipo chonde, mukabwerera kunyumba mutasangalala, musatenge chambo, kampango kapena mlamba n'kudula kuti mupange sashimi. Nsomba za m'madzi opanda mchere zimanyamula tizilombo ta mtundu wina toopsa kwa munthu, ndipo firiji ya pakhomo si yodalirika pa ntchito imeneyi. Zimenezo ziphikidwe.

8. Ngati mwasankha ramen

Ramen sagawanika bwino, ndiye aliyense atenge mbale yake, mitundu yosiyana, mulawitsane msuzi ndi supuni. Ramen wa shoyu ndi wa shio ndi wopepuka, wa miso wotchuka ku Sapporo ndi wolemera, tonkotsu wa ku Fukuoka ndiye wonona kuposa onse. Amene munazolowera noodles za m'paketi, zomwe Momofuku Ando anayambitsa mu 1958, mudzaona kuti izi ndi zina. Idyani mwachangu, chifukwa noodles zikakhalitsa mu msuzi zimatupa n'kufewa. Kukoka ndi phokoso n'kololedwa, ndipo kumathandiza kuziziritsa. M'mashopu ambiri a ramen ku Japan mumayamba mwagula tikiti pa makina a pakhomo, n'kuipereka kwa wophika.

9. Zakumwa ndi kulipira

Ngati mumamwa, sake ndi mowa wa mpunga wa mphamvu pafupifupi 15 pa 100 iliyonse, woposa mowa wamba wa m'botolo kutali ngakhale umatsika mofewa. Mwambo wake ndi wakuti munthu sadzithirira yekha. Inu mumathirira mnzanu, iye amathirira inu, ndipo mumayamba kumwa onse atanena "kanpai". Osamwa akhale pa tiyi wobiriwira kapena mugicha, tiyi wozizira wa balere.

Mukamaliza nenani "gochisosama deshita" kwa wophika kapena kwa amene wakulipirirani. Ku Japan kawirikawiri mumanyamula bilu kupita nayo pa kauntala ya pakhomo, ndalama n'kuziika pa kathireyi kamene kali pamenepo. Ndalama yothokoza woperekera zakudya kumeneko sapereka, ndipo mukaisiya pa tebulo akhoza kukuthamangirani kuti mwaiwala chenji. Ku South Africa ndi ku Britain tsatani mwambo wa kumeneko, koma yang'anani kaye ngati sanaiphatikize kale mu bilu.

Musanasiyane ndi mnzanu, lembani pa foni mayina a zimene zakukomerani, chifukwa pofika mawa adzakhala atasokonekera. Pa ulendo wachiwiri onjezerani chinthu chimodzi chokha chatsopano. Udon, noodles zonenepa za tirigu mu msuzi wa dashi, ndi poyambira pabwino, kapena chawanmushi, dzira lophikidwa ndi nthunzi m'kakapu. Natto, nyemba za soya zofufumitsidwa zotamuka ulusi ndi za fungo lamphamvu, zidikire kaye, poti ngakhale ku Japan komweko pali anthu ambiri osazidya.